Mayi Ella Jenkins anali ndani, nanga munthu angadye ndi nyimbo za ana?

Funso lomwe talandira likuti: "Ine ndine mphunzitsi wa ana a mkaka. Mnzanga wina wandiuza kuti ku America kunali mayi wina dzina lake Ella Jenkins amene anamwalira ali ndi zaka 100, akuti moyo wake wonse ankangoimba nyimbo za ana basi mpaka analandira mphoto ya Grammy. Ndamvera nyimbo zake zingapo pa YouTube koma ine sindinamvepo chachilendo, mawu ake ndi wamba, zoimbira ndi zochepa, ana amene akuimba nawo ena akuphonyaphonya. Ndiye ndithandizeni, anali ndani mayiyu, anayamba bwanji, ndipo anthu amamutama chifukwa chani? Komanso zoona munthu angapeze chakudya ndi nyimbo za ana?"

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso lanuli. Ndiyambire pomwe mwanena kuti simunamve chachilendo, chifukwa pamenepo makutu anu sanakunamizeni ayi. Mawu a mayi Jenkins anali otsika, odekha, osathamanga, ndipo mu nyimbo zambiri mumangomva kagitala kakang'ono ka zingwe zinayi kotchedwa ukulele, mwina ng'oma imodzi, mwina kuwomba m'manja basi. Koma nyimbo zimenezi sanazipange kuti munthu wamkulu akhale pampando ndi foni m'manja nkumamvera ali phee. Mukamamvera nokha mukungomva theka la nyimboyo. Theka linalo ndi la mwana, ndipo iwo ankasiya dala mpata woti mwanayo alowepo. Ine ndakhala ndikuphunzitsa aphunzitsi kaimbidwe ndi ana aang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo ndinganene mosakayika kuti kusiya mpata umenewu ndi luso lovuta kuposa kukhala ndi mawu okoma, oimba ambiri odziwa amalephera pomwepa chifukwa amafuna kuti iwo ndi amene amveke.

Ella Jenkins anabadwa pa 6 Ogasiti 1924 mu mzinda wa St. Louis ku Missouri, koma anakulira ku Chicago, mbali ya kummwera kwa mzindawo yomwe amaitcha South Side. Nthawi imeneyo anthu akuda ambirimbiri ankachoka kummwera kwa America kuthawa tsankho ndi umphawi wa m'minda ya thonje, kupita m'mizinda ya kumpoto kukasaka ntchito m'mafakitale, ndipo ku Chicago ambiri ankathinana ku South Side komweko chifukwa madera ena eni nyumba sankalola munthu wakuda kuchita lendi. Anthuwa sanabwere chimanjamanja, anabwera ndi nyimbo zawo, za blues, za kutchalitchi, zoimba pogwira ntchito, ndi timasewera ta ana. Ndiye mwana uyu anakulira pakatikati pa zonsezi.

Banja lawo silinali lopeza bwino ndipo linkangosamukasamuka, kukhala pano pang'ono, kenako kwina, mu South Side momwemo. Kwa mwana zimenezi zimawawa, kusiya anzako nthawi ndi nthawi, koma iwo anatolapo kanthu komwe kanadzawathandiza moyo wonse. Anaona kuti msewu uliwonse uli ndi nyimbo zake. Atsikana odumpha chingwe kuno akuimba mwina, ukapita misewu itatu kutsogolo nyimbo ndi yomweyo koma mawu asintha, kawombedwe ka m'manja kasintha, ndipo kuti akulandire m'gulu uyenera kumvetsera kaye nkutola mmene eni dera amaimbira. Nyimbo ngati Miss Mary Mack, yomwe atsikana awiri amayang'anizana nkumawombana zikhatho, sanaipeke iwo, anaitola mumsewu momwemu ndipo patapita zaka anadzaijambula. Ichi nchifukwa chake ine ndimati sukulu yawo yoyamba ya nyimbo inali kumvetsera ana anzawo. Sanapiteko ku sukulu ya zoimba, ngakhale atakula.

Kunyumba kunali ankolo awo, a Floyd Johnson, amene akaweruka kuntchito ankakhala pansi nkumaimba harmonica, kachoimbira kopemerera pakamwa kaja, ndipo ndi iwowa amene anawadziwitsa oimba a blues monga T-Bone Walker, Memphis Slim ndi Big Bill Broonzy. Mwanayo ankakhala pambali nkumatsatira, kung'ung'udza, kuimba likhweru, ndipo harmonica anadzaiphunzira nkumaiimba mpaka ukalamba. Panja matchalitchi a m'deralo ankaika zimkuzamawu, nyimbo za gospel zinkamveka mumsewu kaya ukufuna kaya sukufuna. Ndiye kunalinso holo ya zisudzo yotchedwa Regal Theater komwe ankakaonera oimba ndi ovina, ndipo amene anawagwira mtima kwambiri anali Cab Calloway. Bambo ameneyu ankaponya timawu topanda tanthauzo, holo yonse nkubwereza, akasintha nawonso nkusintha, akatalikitsa nawonso nkutalikitsa, anthu mazanamazana osadziwana koma akuimba ngati munthu mmodzi. Apa ndi pomwe anaona mphamvu ya kutsogola ndi kuvomera, mmene wokamba nthano sangapitire patsogolo omvera akapanda kuyankha kuti tilitonse. Njira imeneyi inali kale m'matchalitchi ndi m'nyimbo za pantchito za anthu akuda a ku America, mizu yake ili ku Africa, iwo sanaiyambitse, koma ndi iwo amene anaitenga nkuisandutsa njira yophunzitsira ana.

Anamaliza sekondale ku DuSable High School mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo anagwirako ntchito zosiyanasiyana asanabwerere kusukulu. Anayambira ku Woodrow Wilson Junior College ku Chicago komweko, komwe anapalana ubwenzi ndi anzawo a ku Mexico, ku Cuba ndi ku Puerto Rico nkuyamba kukonda ng'oma ndi kaimbidwe kawo. Kenako anapita ku California nkukatenga digiri ku San Francisco State mu 1951, maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, kuphatikizapo za kaganizidwe ka ana ndi za masewera. Kumeneko ankagona nyumba imodzi ndi atsikana achiyuda, ndipo nyimbo zawonso anazitola. Muone kuti paliponse pomwe afika khutu lili tcheru. Ndingotchulako, anali katswirinso wa table tennis, anawinapo mpikisano wa amayi ku Chicago mu 1948.

Atabwerera ku Chicago, mu 1952 analembedwa ntchito yoyang'anira mapulogalamu a achinyamata ku YWCA, bungwe lachikhristu la amayi ndi atsikana. Sanali ana a mkaka ayi, anali anyamata ndi atsikana ongosinkhuka kumene, aja ovuta kuwasangalatsa aja, ndipo chida chomwe anapeza kuti chimagwira ntchito chinali ng'oma ndi nyimbo zovomerezana. Tsiku lina akuimba ndi achinyamatawa panja mumsewu anaonedwa ndi munthu wa TV, nkuitanidwa ku pulogalamu ya ana yotchedwa The Totem Club pa wailesi ya kanema ya WTTW. Zinayenda bwino moti anapatsidwa gawo lawolawo lomwe analitcha This Is Rhythm, ndipo ankaitanako alendo ngati Odetta ndi Big Bill Broonzy yemwe uja ankamumvera kwa ankolo awo. Tangoganizani, m'ma 1950, mayi wakuda akutsogolera pulogalamu ya ana pa TV ku America. Mu 1956 anasiya ntchito ya malipiro a pamwezi ija kuti nyimbo ikhale ntchito yawo. Anali ndi zaka pafupifupi 32, ndipo ntchito yoti "woimba nyimbo za ana" kunalibe amene ankaiwerengera ngati ntchito.

Pamenepa mpomwe pakubwera munthu wina wofunika kwambiri pa nkhaniyi, Moses Asch, mwini kampani yaing'ono yojambula zimbale ku New York yotchedwa Folkways, yomwe anaikhazikitsa mu 1948. Katswiri wina wa nyimbo za makolo, Kenneth Goldstein, atawamva mayi Jenkins anawalangiza kuti atenge tepi yawo akamuonetse Asch. Anapitadi, ndipo mu 1957 chimbale chawo choyamba chinatuluka, dzina lake Call-and-Response: Rhythmic Group Singing, muli nyimbo zovomerezana za kumadzulo kwa Africa, ya akaidi ogwira ntchito yakalavulagaga ku America, ndi zina zopeka okha, akuimba ndi ana. Folkways sinali kampani ya ndalama zambiri, koma Asch anali ndi lamulo limodzi lomwe makampani akuluakulu analibe, chimbale chikatuluka sichichotsedwa pamsika, kaya chikugulidwa kwambiri kaya chikugulidwa pang'ono. Kwa woimba wa ana palibe mwayi woposa umenewu, chifukwa ana a zaka zinayi satha, chaka chilichonse kumabwera atsopano amene nyimboyo sanaimvepo. Oimba ena otchuka a Folkways monga Woody Guthrie, Lead Belly ndi Pete Seeger anajambulaponso nyimbo za ana, koma kwa iwowo inali mbali imodzi chabe ya ntchito yawo. Mayi Jenkins anaika moyo wonse pamenepo, ndipo anakhala ndi kampani imodzimodziyo zaka 60.

Tsopano ndikufuna muone mmene zinkachitikira m'chipinda, chifukwa yankho la funso lanu lili mmenemu. Tengani nyimbo yakale ija yomwe ankakonda kuimba, Did You Feed My Cow. Wotsogolera amafunsa ngati ana aidyetsa ng'ombe yake, ana amavomera ndi timawu tiwiri basi. Afunsanso kuti mwaidyetsa chani, ana ayankha. Mwaikama? Avomera. Mwaikama bwanji? Apa ana onse manja m'mwamba akukama ng'ombe yosaoneka, pakamwa akutsanzira phokoso la mkaka. Palibe mwana amene waphunzitsidwa mawu pasadakhale, palibe pepala, palibe kuti tiyeni tibwereze mpaka muloweze. Mwana amene walowa mochedwa amangomvera kamodzi, kachiwiri ali kale mkati. Mwana wamanyazi uja amene sayankhula m'kalasi amayamba ndi manja okha, kenako milomo iyamba kugwedezeka, pofika kumapeto mawu atuluka chifukwa palibe amene akumuyang'ana iye yekha. Ndiye taonani zomwe zachitika mu mphindi ziwiri zimenezi: mwana wamvetsera funso, wadikira nthawi yake, wakumbukira yankho, wagwirizanitsa mawu ndi thupi, wasunga kugunda kwa nyimbo pamodzi ndi anzake. Ina ndi Stop and Go, ana amayenda, kaya kudumpha, kaya kugwedeza thupi, ndipo mawu oti imani akamveka aliyense ayenera kuima nji. Inuyo aphunzitsi mukudziwa kuti kwa mwana wa zaka zitatu kuimitsa thupi lake pomwe likufuna kupitiriza ndi phunziro lalikulu kwabasi, ndipo pano akuliphunzira akuseka, popanda womukalipira.

Za ana ophonyaphonya mwanenazo, zimenezo sanachite mwangozi ayi. Akanafuna akanatenga kwaya ya ana osankhidwa, ophunzitsidwa bwino, nkujambula mobwerezabwereza mpaka zonse zisalale. Koma nthawi zambiri ankatenga ana a m'masukulu wamba ndi m'magulu a m'dera, ndipo mu zimbalezo mumamva iwo akulangiza anawo, akuti tiyesenso, akuti tsopano motsitsa, mumamva wina walowa msanga, wina watsalira. Mwana amene akumvera kunyumba kapena m'kalasi akamva zimenezi amadziwa kuti awa ndi ana ngati ine, nanenso ndingathe. Kwaya yosalala bwino imamupangitsa mwana kukhala womvera chabe. Komanso mphunzitsi amene sadziwa kuimba kwenikweni akamvera chimbale chotere amaphunzira katsogoleredwe kake pomwepo, mawu oti anene, pomwe adikire, liwiro loyenera, ndiye chimbalecho chimaphunzitsa anthu awiri nthawi imodzi.

China chomwe ine chimandikhudza kwambiri ndi ulemu womwe ankapereka kwa ana. Simudzawamva akusintha mawu kukhala timawu tachibwana tokwera m'mwamba, kapena kudzipusitsa kuti ana aseke. Ankayankhula ndi mwana ngati munthu, modekha, ndipo nyimbo zawo zambiri zili ndi kamvekedwe kaja kakuya ka blues komwe anthu ena amati ndi kachisoni, sikoyenera ana. Iwo sanavomereze zimenezo. Ana nawonso amakhala ndi masiku osakondwa, amatopa, amasowa mayi awo, ndipo nyimbo yodekha imawafika pamtima kuposa yaphokoso. Masiku ano nyimbo zambiri za ana za pa intaneti ndi zothamanga, zodzaza ndi phokoso la makina ndi zithunzi zothwanima, mwana amangoti maso tong'o pa sikirini osatsegula pakamwa. Ine ndimaona kuti pamenepa tataya kanthu, ndipo ndi chifukwa chake ndimawatumizabe aphunzitsi ku zimbale zakalezi.

Tibwere ku funso la chakudya lija. Inde anadya nazo, moyo wonse, koma osati mmene timaganizira za oimba otchuka. Sanakhalepo ndi nyimbo yogwedeza mawailesi. Ntchito yawo inali ya pamsewu, sukulu ndi sukulu, kuimba pa misonkhano ya ana asukulu m'mawa, kukwera galimoto kupita tauni ina, kugona malo atsopano pafupifupi usiku uliwonse makamaka zaka zoyambirira. Kenako kunabwera misonkhano ya aphunzitsi, ndipo apa mpomwe ine ndimati panali nzeru. Ukaimbira ana 200 wafikira ana 200, koma ukaphunzitsa aphunzitsi 200 aliyense amakaimba ndi kalasi yake chaka ndi chaka mpaka adzapume pantchito, ndipo ambiri amagulanso chimbale. Makasitomala enieni a Folkways anali masukulu ndi malaibulale. Zinathandizanso kuti mu 1965 boma la America linayambitsa pulogalamu ya Head Start ya sukulu za mkaka za ana a m'mabanja osauka, ndiye mwadzidzidzi kunali makalasi ambiri atsopano ndi aphunzitsi ofuna nyimbo zoti aimbe ndi ana, ndipo zimbale zawo zinali zilipo kale. Mbali ya bizinesi inkayendetsedwa ndi Bernadelle Richter, manijala wawo komanso mnzawo wapamtima kwa zaka zambirimbiri, ndipo nyimbo zomwe ankapeka okha ankazilembetsa pansi pa kampani yawo yotchedwa Ell-Bern. Mfundo imeneyi musaiphonye ngati inunso mumapeka nyimbo, umwini wa nyimbo ndi umene umadzakudyetsa miyendo ikatopa kuyenda.

Musaiwale kuti maulendo onsewa ankayenda ndi mayi wakuda m'dziko lomwe mpaka 1964 malo ogona ndi odyera ambiri ankatha kumubweza munthu chifukwa cha khungu popanda lamulo la dziko lonse lowaletsa. Munthu wangoimbira ana a tauniyo, aphunzitsi amuwombera m'manja, madzulo akusowa pogona m'tauni yomweyo. Zimenezi anakumana nazo. Sanali munthu wongoonerera, anatenga nawo mbali m'gulu lomenyera ufulu la CORE, ndipo mu 1964 anaimba pa msonkhano waukulu wa ufulu wa anthu ku Soldier Field ku Chicago komwe Martin Luther King anayankhula. Anajambulanso nyimbo za ufulu ndi nyimbo za mabungwe a anthu apantchito. Koma ine ndimaona kuti ndale zawo zenizeni zinali m'kalasi, pomwe ana achizungu ambiri kwa nthawi yoyamba ankakhala pansi nkumatsatira mayi wakuda ngati mphunzitsi wawo, nkumaimba nyimbo za anthu akuda ndi pakamwa pawo, ndipo ana akuda ankaona masewera a mumsewu mwawo akulemekezedwa kusukulu.

Chimbale chomwe chinawatchukitsa kwambiri ndi You'll Sing a Song and I'll Sing a Song cha mu 1966, chomwe anajambula ndi ana a kwaya ya Urban Gateways ya ku Chicago. Dzina lake lokha likunena kale ntchito yawo yonse, iwe uimbe, ine ndiimbe, tiimbire limodzi. Chinakhala chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Folkways, ndipo Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inachiika pa mndandanda wa 2007 wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko. Moses Asch atamwalira mu 1986, bungwe la Smithsonian linatenga Folkways mu 1987 ndi lonjezo lomwe lija loti palibe chimbale chidzachotsedwe, ndipo mayi Jenkins anangopitiriza kujambula pansi pa dzina latsopano la Smithsonian Folkways. Zonse pamodzi anatulutsa zimbale pafupifupi 40.

Mbali ina yomwe amadziwika nayo ndi kuimba nyimbo za mitundu ina. Anayenda makontinenti onse 7, ndipo kulikonse ankabwerako ndi kanthu, moni wa chinenero china, kawerengedwe, kanyimbo. Ana a ku America ankawerenga m'Chisipanishi, kupereka moni m'Chiswahili, kuimba m'Chiheberi, pa nthawi yomwe masukulu ambiri sankalabadira zoti kunja kuli anthu ena. Atayenda kummawa kwa Africa anatulutsa chimbale cha Jambo mu 1974, ndipo Multicultural Children's Songs cha mu 1995 chinagulidwa kwambiri zedi. Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Zina mwa nyimbozi ndi zofewetsedwa kwambiri, zina ndi zopeka iwo eni potengera mawu angapo omwe anatola paulendo, ndiye munthu asazitenge ngati kuti ndi mmene eni chinenerocho amaimbira kwawo, ndipo mwini chinenero akhoza kumva katchulidwe kena kakupendama. Mawu awiri atatu a moni sangamudziwitse mwana mtundu wonse wa anthu. Komabe ndikayeza ndi nthawi yomwe ankagwira ntchitoyi, pomwe zojambula za ana zambiri zinkaonetsa anthu a ku Africa ndi a maiko ena ngati zoseketsa, iwo ankabweretsa zinenerozi mwaulemu, kunena komwe achitenga chinthu, ndi kumuuza mwana kuti ayese kutchula bwino. Cholinga chinali kutsegula khutu la mwana kuti mawu achilendo asamuopse kapena kumuseketsa, ndipo pamenepo anakwanitsa.

Za mphoto, mnzanuyo sananame koma pali pofunika kulongosola. Grammy yomwe analandira mu 2004 ndi ija yolemekeza ntchito ya moyo wonse, yomwe kawirikawiri imapita kwa zimphona za jazz, rock ndi nyimbo zina za akuluakulu, ndiye kuipereka kwa munthu woimba ndi ana a mkaka chinali chinthu chachikulu. Pa mpikisano weniweni wa chaka ndi chaka dzina lawo linalowapo koma sanawine, chomwe chinawina mu 2005 ndi chimbale chotchedwa cELLAbration, momwe oimba ena anaimba nyimbo zawo powathokoza. Mu 2017 analandira National Heritage Fellowship, ulemu waukulu womwe boma la America limapereka kwa akatswiri a luso la makolo. Anaonekeranso pa mapulogalamu a ana a pa TV monga Mister Rogers' Neighborhood, Sesame Street ndi Barney, ndipo ku Chicago kuli paki yaing'ono yotchedwa dzina lawo. Anthu anawapatsa dzina laulemu loti First Lady wa nyimbo za ana, kutanthauza mayi wolemekezeka koposa pa nyimbozi. Koma onani zaka zake, Grammy ija inabwera ali ndi zaka 79, atagwira kale ntchitoyi zaka zoposa 45. Oimba a ana amene anabwera pambuyo, monga Raffi wa ku Canada amene anayamba m'ma 1970, anapeza njira italambulidwa kale, makolo ndi masukulu atazolowera zoti woimba wa ana ndi woimba weniweni.

Chimbale chawo chomaliza, Camp Songs, chinatuluka mu 2017 ali ndi zaka za m'ma 90, ndipo chinawabwezera ku ubwana, chifukwa nyimbo za kumisasa ya ana anayamba kuzimva kwa mchimwene wawo amene ankabwera nazo kuchokera ku Boy Scouts. Anakwanitsa zaka 100 mu Ogasiti 2024, nkumwalira ku Chicago pa 9 Novembala chaka chomwecho.

Ndiye poti inu muli ndi kalasi, musaweruze nyimbozi pa foni, kaziyeseni ndi ana. Khalani nawo pansi mozungulira, musayatse choimbira chilichonse, imbani ndinu. Mzere womwe mukuponya ukhale waufupi woti mwana aubweze ndi mpweya umodzi, ndipo mukauponya dikirani, musawathandize kuyankha ngakhale pakhale kachetechete pang'ono, aphunzitsi ambiri amalephera kupirira pamenepa nkuyamba kuvomera okha nyimbo yawo yomwe. Chepetsani liwiro kuposa mmene mukuganizira. Wina akaphonya musamukonze pagulu, ingobwerezani mzerewo bwinobwino, khutu lake lidzakonza lokha. Ikanimo manja, mapazi, kuima ndi kuyenda. Gulu likazolowera mupatseni mwana mmodzi atsogolere, inu muvomere pamodzi ndi enawo, mudzadabwa amene adzadzipereke. Ndipo nthawi yopuma muzipita pafupi ndi pomwe akusewera nkumamvetsera zomwe akuimba okha, muzilembe, mudzazibweretse m'kalasi, chifukwa nyimbo zambiri za mayi Jenkins zinachokera komweko.

Pomvera yambani ndi chimbale cha 1966 chija, kenako mubwerere ku choyamba cha 1957 kuti mumve pomwe zinayambira. Zonse zikupezekabe kudzera ku Smithsonian Folkways, ndipo pa webusaiti yawo timabuku tomwe tinkabwera ndi zimbalezo mukhoza kutitsitsa ulere, muli mawu a nyimbo komanso malangizo a katsogoleredwe kake, ndiye muziwerenga kabukuko uku mukumvera.